Dokotala wa Nkhuku ndi Nkhosa Makumi Awiri

Anzanga, lero kwathu kwaphedwa tambala! Tambala wofiira uja, wamkulu, amene bambo ankati sadzadyedwa mpaka ine Sungeni nditakhoza mayeso. Nkhani yabwino ikundiyabwa pakamwa, ndikufuna kungoitaya pano pomwe. Koma ndikaitaya tsopano simumva kulemera kwake. Ndiye khalani pansi ndiyambire kumene inayambira. Si ya kalekale ayi, ndi ya chaka chino chomwe, koma m'mimba mwake muli mwambi wakale umene ndinkaumva tsiku ndi tsiku osaudziwa.

Bambo anga ndi a Lufeyo. Kwathu kuno ku Balaka anthu amawatchula kuti dokotala wa nkhuku. Sukulu ya udokotala sanapiteko, anangophunzitsidwa ndi alangizi a ziweto, koma katatu pa chaka amakwera njinga n'kuzungulira midzi ndi katemera wa chitopa. Chitopa mukuchidziwa, nthenda ija imene nkhuku imayamba kusinza masanasana, khosi n'kupindika, pakutha kwa sabata khola lonse lapululuka. Kabotolo ka katemerayo n'kakang'ono ngati chala. Amakakulunga m'kansalu konyowa n'kukaika m'kadengu kuti kasatenthedwe ndi dzuwa. Akafika pakhomo amaliza belu la njinga, eni nyumba n'kumagwira nkhuku imodziimodzi, iwo n'kumadonthezera m'diso. Kadontho kamodzi basi.

Si onse amene ankalola. Ena ankabisa nkhuku kuseri kwa nkhokwe. Ena ankati, "Yambirani za anzathu, ife tione kaye ngati sizifa." Munthu akayankhula choncho, bambo ankatsika panjinga, kuiyedzamiritsa pamtengo, n'kupempha mpando. Aliyense ankadziwa kuti nkhani ya nkhosa yayandikira.

"Kudali munthu kuseri kwa phiri lija," ankayamba choncho, "agogo a agogo athu asanabadwe. Dzina lake lenileni lidaiwalika. Munthuyu adali ndi nkhosa makumi awiri, zonenepa, michira yokwekwereza pansi. M'mawa wina adapeza imodzi palibe, ndipo pansi pa mitengo ya khola padali dzenje. Mkazi wake adati, 'Bambo, tsekani apa ndi miyala, muikepo ndi minga.' Iye adati, 'Dikira mkazi wanga, ndionetsetse kaye. Mwina ndi fisi, mwina ndi kambuku, mwinanso ndi chilombo cha miyendo iwiri. Ndikatseka, ndidzachidziwa bwanji?'

"Kutacha, ina palibe. Adabwera mnansi wake, adayang'ana mapazi pafumbi, adati, 'Uyu ndi fisi, taonani phazi lakutsogolo kukula.' Iye adagwada, adayeza phazilo ndi kamtengo, adati, 'Inu mwaona phazi, chilombo simudachione. Ndionetsetse.' Nkhosa zidatsala khumi, iye adakayeza mapazi. Zidatsala zitatu, iye adakanunkhiza ubweya pa minga. Ndiye tsiku lina mbandakucha adachionadi ndi maso ake, chikutuluka padzenje paja, chikukoka nkhosa pakhosi. Adathamangira m'nyumba akufuula ndi chimwemwe, 'Ndachiona! Ndi fisi! Ndi fisi ndithu!' Mkazi wake sadadzuke n'komwe pamphasa. Adangoti, 'Mwaonetsetsa, bambo. Tsopano pitani mukaonetsetsenso m'khola.' Imeneyo idali nkhosa yomaliza."

Akafika pamenepo bambo ankaomba m'manja kamodzi, anthu n'kuseka, nkhuku n'kutuluka kuseri kwa nkhokwe.

Mmodzi yekha ndiye sanaseke. Mayi Nangozo, amasiye amene amakhala kuseri kwa nyumba yathu, anamva nkhaniyo mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Mwatha a dokotala? Nkhuku zanga zimamwa tsabola, sizifuna za m'botolo." Chaka chimenecho chitopa chinawathera nkhuku khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Kuyambira pamenepo, belu la njinga likangolira, iwo amakhala atagwira kale nkhuku ziwiri m'khwapa.

Kenaka unabwera mliri wa korona.

Inu nomwe munaona mmene zinthu zinasinthira. Pakhomo la sitolo iliyonse panaikidwa ndowa ndi sopo womangirira pachingwe. Sukulu inatsekedwa, n'kutsegulidwa, n'kutsekedwanso. Kutchalitchi tinkakhala motalikirana ngati takwiyitsana. Akuluakulu amene anazolowera kugwirana chanza mpaka nkhani itatha ankangogundana zigongono, ena n'kumaseka mwamanyazi. Amayi anga, a Nasibeko, anang'amba chitenje chawo chakale n'kutisokera zotsekera pakamwa ndi mphuno. Chawo anachisoka chansalu zitatu, chifukwa iwo ali ndi matenda a shuga, ndipo a zaumoyo ananena kuti anthu otere mliriwu ukawagwira suwanyengerera.

Katemera wa korona atafika kuchipatala chathu chaching'ono, mphekesera zinali zitafika kale. Zinabwera m'mafoni, zinabwera pa mjigo, zinabwera m'minibasi. Ena ankati wobayitsa sadzabereka. Ena ankati akudinda anthu chizindikiro cha chilombo. Imene inamera mizu kwathu ndi yoti aliyense wobayitsa sadzatha zaka ziwiri.

Woyamba kupita m'mudzi mwathu anali mayi Nangozo. Asanapite anadutsira kwathu.

"Nasibeko, tenga nsalu tizipita. Iwe ndi shuga wakoyo ndiye ufunika kukhala patsogolo."

Amayi anayang'ana bambo. Bambo anali pakhonde akupopa njinga.

"Bambo a Sungeni, ndipite nawo?"

Bambo anapopa kawiri katatu. Kenaka anati, "Sindikukaniza, amake Sungeni. Koma chinthuchi n'chachilendo. Cha nkhuku ndimachidziwa, ndachigwira zaka zisanu ndi zinayi. Ichi chapangidwa dzulodzuloli. Apite kaye ena, ife tione mmene ziwathere."

Amayi anabweza nsalu pachingwe. Mayi Nangozo anayang'ana bambo nthawi yaitali. Anapita okha.

Kuyambira tsiku limenelo bambo anayamba ntchito yatsopano, yoyang'anira mayi Nangozo. M'mawa uliwonse ankasuzumira pampanda.

"Mwadzuka bwanji Nangozo? Mutu uli bwanji? Nanga mkonowo ukukwezeka?"

"Ndikadali moyo, a dokotala. Pepani kwambiri, ndakukhumudwitsani."

"Aaa, ine ndikungofunsa."

"Funsaninso mawa. Mwina mudzandipeza ndamera nthenga."

Tinkaseka, ngakhale amayi ankaseka. Koma chimene sitinkaona n'chakuti anthu ambiri ankayang'ana bambo monga mmene bambo ankayang'anira mayi Nangozo. Ankati, ngati munthu woyenda ndi katemera m'kadengu akuopa, ife ndife yani? Mwa anthu amenewo munali bambo aakulu a Yotamu, achimwene awo a bambo, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pamphambano. Mlangizi wa zaumoyo atawafikira pantchito pawo, iwo anapukuta manja n'kunena kuti, "Ine za mankhwala sindizidziwa, mwana wanga. Wodziwa ndi mng'ono wanga Lufeyo. Tsiku limene adzapinde malaya iye, inenso ndidzapinda."

Miyezi inadutsa. Chimanga chinakololedwa, mphepo ya mwezi wa Juni inayamba kuwomba.

Bambo aakulu anayamba ndi chifuwa. Anati ndi chisanu chabe. Anadzifukiza ndi masamba a bulugama, anamwa madzi a mandimu ndi adyo. Popeza akazi awo anamwalira kale, amayi ndi amene ankawapititsira phala ndi kuwachapira. Tsiku lachinayi ankalephera kumaliza mawu osapumira. Tsiku lachisanu anawanyamula kupita kuchipatala cha kuboma. Tsiku lachisanu ndi chiwiri uthenga unabwera pafoni.

Maliro otere sindinawaonepo, ndipo sindifuna kudzawaonanso. Panalibe kugona pasiwa. Panalibe kuona nkhope. Bokosi linabwera lokhomedwa kale, litakulungidwa m'pulasitiki, ndipo analitsitsa m'manda ndi anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, oti sitinawaone ngakhale maso. Adzukulu anakumba n'kuima patali ndi makasu awo. Amayi a mvano anaimba nyimbo imodzi yokha, mawu akutsamwa kuseri kwa nsalu. Munthu amene anakonzera njinga mudzi wonse anaikidwa dzuwa lisanafike pamutu, ngati tikubisa chinthu chakuba.

Bambo sanalire. Anabwerera kunyumba n'kukhala pakhonde, akuyang'ana njinga yawo.

Patangopita masiku atatu, amayi anati chakudya sichikumveka kukoma. Anathira mchere kawiri m'ndiwo, n'kundifunsa ngati ndaumva. Tsiku lotsatira thupi linatentha. Lachitatu lake ndinawamva akupuma ngati munthu wokwera phiri atasenza mtolo, chonsecho ali chigonere. Galimoto ya chipatala itabwera, amayi anandigwira ndi maso okha, chifukwa kundikhudza anawaletsa.

"Sungeni, usaiwale kutsekera anapiye."

Mawu awo anali amenewo basi.

Anawagoneka mu tenti kuseri kwa chipatala cha kuboma, atawavala chopumira mpweya kumaso. Wachibale sankaloledwa kulowa. Ine ndi bambo anatiyeza n'kutiuza kuti tikhale pakhomo, tisayendeyende. Tsiku lililonse masana namwino ankaimba foni. Mawu ake ankakhala omwewo: "Akulimbana nawo. Pitirizani kupemphera." Mayi Nangozo ankatisiyira chakudya pampanda, n'kugogoda ndi kamtengo. Bambo sankasuzumiranso kufunsa za mkono wawo.

Masiku athu okhala pakhomo atatha, nyengo ya katemera wa nkhuku inali itakwana. Bambo anakatenga kabotolo kwa alangizi, mwina pofuna kuti manja apeze chogwira. Anayambira kwa mayi Nangozo. Ine ndinali komweko ndikusinja nawo mtedza, ndipo panali amayi ena anayi amene anabwera ndi nkhuku zawo m'madengu.

Pakati pawo panali mtsikana wina wongokwatiwa kumene m'mudzi mwathu. Nthawi yake itakwana anakumbatira dengu lake n'kubwerera m'mbuyo.

"Ine ayi. Amuna anga akuti masiku ano akatemera onse asakanizidwa. Ndione kaye za anzangazi."

Bambo anachita monga mwa chizolowezi. Anayedzamiritsa njinga pamtengo. Anakhala pachitsa. Anakonza chotsekera pakamwa, n'kuyamba.

"Kudali munthu kuseri kwa phiri lija. Adali ndi nkhosa makumi awiri. M'mawa wina adapeza imodzi palibe. Mkazi wake adati, bambo, tsekani apa. Iye adati, dikira mkazi wanga, ndi..."

Anaima.

Tinadikira. Nkhuku ina inalira m'dengu. Bambo ankayang'ana kabotolo kali m'dzanja lawo ngati akukaona koyamba.

"Malizani, a dokotala," anatero mayi Nangozo. Sananene monyoza ayi. Anaika munsi pansi n'kubwera pafupi. "Ine munandiuza yonse mpaka kumapeto, anthu akundiseka. Malizani, mwanayu amve."

"Sindingathe."

"Chifukwa?"

Bambo anakweza mutu. Misozi inali ikulowa m'nsalu ya pakamwa.

"Mkazi wanga anandifunsa, Nangozo. Anaima apo, nsalu ili m'manja. Achimwene anati adzapinda malaya tsiku limene ndidzapinde ine. Ine ndinali pampanda, ndikuyeza mapazi ndi kamtengo. Nkhosa yoyamba ndaika m'manda. Yachiwiri ili mu tenti."

Amayi aja anagwetsa nkhope. Ine ndinaluma chitenje kuti ndisalire mokweza.

Mayi Nangozo anati, "Munthu wa m'nkhani yanu uja adadzuka khola litatha. Lanu silinathe. Muli inu, muli mwanayu, muli mudzi wonse umene ukuyang'ana mkono wanu. Dzenje likadali pompo."

Bambo anaimirira. Anadonthezera nkhuku zonse zimene zinalipo, mmodzimmodzi wa eni ake akugwira, ndipo mtsikana uja anabweretsa dengu lake yekha popanda womuuza. Atatha anakwera njinga kulunjika kuchipatala chathu chaching'ono.

Anabwerako dzuwa likupendeka, malaya osapinda. Katemera anali atatha. Mlangizi wa zaumoyo anawauza kuti miyezi ija ankakhala tsiku lonse kudikira anthu osabwera, koma maliro atachuluka anthu a kutauni anakhamukira konse, ndipo tsopano panalibe ngakhale kabotolo kamodzi. Bambo anafunsanso ngati katemera wina akadzabwera angakabayeko amayi kuti achire. Mlangiziyo anapukusa mutu.

"A Lufeyo, inu ndi amene mumatiphunzitsa. Nkhuku ikayamba kusinza mumaidonthezera?"

"Ayi. Timadonthezera zamoyo, nthenda isanafike."

"N'chimodzimodzi."

Ndiye kudikira kumene bambo anakusankha okha kunasanduka kudikira kowakakamiza. M'mawa uliwonse ankapalasa njinga kukafunsa, n'kubwerako chimanjamanja. Masana foni inkalira. Tsiku lina namwino anati, "Lero zavutirapo." Tsiku limenelo anapiye ndinawatsekera dzuwa likadali pamwamba, n'kukhala pakhomo pa khola mpaka mayi Nangozo anabwera kudzanditenga.

Katemera anafika Lachiwiri lapitali. Bambo atangomva, sanathamangire kukaima pamzere. Anayamba azungulira mudzi wonse, khomo ndi khomo, akuliza belu la njinga monga amachitira pa nyengo ya chitopa. Anthu ankatuluka atagwira nkhuku.

"Bwezani nkhukuzo," ankatero. "Lero ndi la eni ake. Amene munkadikira mkono wa Lufeyo, tiyeni mukauone."

Ena anatseka zitseko, sindikunamizani. Alipo amene mpaka lero akuonetsetsabe. Koma anthu oposa makumi atatu anawatsatira pambuyo, atatalikirana, ena ndi ndodo zawo. Pachipatala bambo anakhala pabenchi panja, pamene aliyense akanatha kuwaona, n'kupinda malaya mpaka paphewa. Anatsinzina ngati mwana! Munthu woti wagwira atambala olusa zaka zisanu ndi zinayi! Jakisoni atatuluka anafunsa kuti, "Mwayamba?"

Mayi Nangozo anali pomwepo, anabwera kudzafunsa za tsiku lobayitsa kachiwiri. Anasuzumira kumaso kwa bambo.

"Mwadzuka bwanji a dokotala? Mutu uli bwanji? Nanga mkonowo ukukwezeka?"

Anthu anaseka kwa nthawi yoyamba chichitikire maliro aja.

Tsopano ndinene, sindingathenso kusunga! Amayi abwera! Abwera lero m'mawa, anzanga, abweradi! Masiku makumi awiri ndi atatu mu tenti, lero atsika galimoto pamphambano ndi miyendo yawo! Aonda, chitenje chikuzungulira kawiri, akayenda pang'ono amaima kuti apume, koma akupuma okha, popanda chopumira. Ndinathamanga osavala nsapato. Anandigwira kumutu ndi manja onse awiri, ndipo mukudziwa chimene anayamba kufunsa? "Anapiye aja alipo angati?" Alipo onse asanu ndi anayi! Ndinawawerengera pamaso pawo! Adokotala awauza kuti thupi likalimba akabayitse nawonso, ndipo ati tsiku limenelo sadzafunsa munthu, adzangotenga nsalu.

Koma pobwera kunyumba tinadutsa pansi pa mtengo wa mango uja. Chitsa chimene bambo aakulu ankakhalira chikadalipo, ndi dothi lakuda ndi mafuta a njinga. Amayi anali asanaone manda, popeza tsiku la maliro anatsala kunyumba chifukwa cha shuga uja. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Bambo anavula chipewa.

"Nasibeko, ndinalakwa."

Amayi anati, "Tonse tinkaopa, bambo a Sungeni. Tiyeni kunyumba."

Tambala uja wadyedwa, ndipo mayi Nangozo apatsidwa nthutumba, chonsecho kwathu nthutumba amadya ndi bambo. Titatha kudya, bambo anandiitana n'kunena kuti nkhani ya nkhosa sadzaikambanso moseketsa, ndipo ngati ndikufuna ndiilembe ine, anzanga akusukulu aimve. Ndi imeneyi ndalembayi.

Akuluakulu amati, ndionetsetse adathetsa nkhosa. Mwambiwu sukuletsa kufunsa ayi. Munthu uja sadalakwe pofuna kudziwa chilombo chimene chinkamudyera ziweto. Adalakwa posiya dzenje lotsegula pamene ankafufuza, ndi pokana mawu a mnansi amene ankawadziwa mapazi a fisi. Chinthu chachilendo chikabwera, funsani, ndipo mufunse amene akuchidziwa. Koma tsoka likakhala kuti lalowa kale m'khola, kudikira nakonso ndi kusankha, ndipo fisi sadikira kuti mumalize kuganiza. Choopsa china n'chakuti nkhosa zimene zimatha si za woonetsetsa yekha. Pali ena amene aima kumbuyo kwanu, nsalu ili m'manja, akudikira kuti muyambe ndinu.

Kwathu khola silinathe. Amayi ali m'nyumbamu, ndikuwamva akutsokomola pang'ono, akulangiza bambo mothira mchere. Koma mukadzadutsa pamphambano tcheni cha njinga chitaduka, musadzaime pansi pa mango paja. Palibenso wokonza.